Katchipi ka Majorana: zomwe zikudziwika ndi zomwe asayansi akukanganabe

Pa 19 February 2025 kampani ya Microsoft idaonetsa katchipi kokwana m'dzanja kotchedwa Majorana 1. Idati mkati mwake muli zinthu za mtundu watsopano zosunga tinthu totchedwa Majorana, ndipo kuchokera pa kameneka kudzatheka kupanga kompyuta ya quantum, yowerengera potsata khalidwe la tinthu tochepetsetsa ta m'chilengedwe, yokhala ndi tizigawo tosunga uthenga totchedwa ma qubit tokwana miliyoni imodzi. Sipadapite masiku ambiri, akatswiri ena a fizikisi adayamba kunena poyera kuti umboni wake ndi woperewera. Amene amatsata nkhani za sayansi kuno ku Dedza, kaya ndi aphunzitsi a kusekondale kapena anyamata okonza mafoni pamsika, adamva mbali zonse ziwiri koma n'kutsala m'malere, poti nkhaniyi yadzaza ndi mawu achilendo: superconductor, quantum dot, topology, Majorana.

Mkanganowu ndi weniweni, ndipo munthu angathe kuumva bola ayambire pa waya.

Waya wosatentha

Magetsi akamayenda m'waya, zomwe zikuyenda ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma elekitironi. Paulendo wawo amagundana ndi maatomu a chitsulocho, omwe amanjenjemera nthawi zonse, komanso ndi zinyalala zotsalira m'chitsulomo. Kugundanako n'kumene kumatenthetsa tchaja ya foni. N'kumenenso kumadya gawo la magetsi ochokera ku Nkula kapena ku sola ya ku Golomoti asanafike pa mita ya kunyumba kwanu.

Mu 1911, ku Leiden m'dziko la Netherlands, Heike Kamerlingh Onnes adaziziritsa mercury mpaka madigiri 269 kunsi kwa ziro, pogwiritsa ntchito mpweya wa helium womwe iye mwini adausandutsa madzi mu 1908. Atafika pamenepo, mercury idasiyiratu kukana magetsi. Chinthu chotere ndicho chimatchedwa superconductor: magetsi amadutsamo osataya mphamvu, osatenthetsa kanthu. Chisanu chathu cha mu June, chomwe chimatiothetsa moto m'mawa, masiku ambiri sichifika n'komwe pa ziro, pamene malire a kuzizira konse m'chilengedwe ali pa madigiri 273 kunsi kwa ziro. Aluminiyamu, yemwe ali pamtima pa nkhaniyi, amasanduka superconductor pakangotsala digiri imodzi ndi pang'ono kuti afike pa malirewo. Mu 1933 Walther Meissner ndi Robert Ochsenfeld adapezanso kuti superconductor imakankhira kunja mphamvu ya maginito, ndipo maginito akakula kwambiri amaiwononga. Udani umenewu tikumana nawo kutsogoloku.

Chifukwa chake chidadziwika mu 1957, pamene John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer adafotokoza kuti pa kuzizira koteroko ma elekitironi amagwirana awiriawiri, ndipo mapeyala onsewo amayenda mogwirizana ngati chinthu chimodzi. Kuti peyala ithyoke pamafunika mphamvu yoposa mlingo winawake. Elekitironi yobwera yokha yopanda mphamvu yofika pamlingowo siloledwa kulowa. Asayansi amautcha mlingowu gap, ndipo chitetezo chonse chomwe chikukambidwa m'nkhaniyi chikudalira iwo.

Kampata pakati pa ma superconductor awiri

Mu 1962 Brian Josephson, wophunzira wa zaka 22 ku Cambridge, adawerengera kuti mukaika ma superconductor awiri moyandikana, pakati pake n'kusiya kansalu kopyapyala kosadutsa magetsi, mapeyala aja adzadutsabe popanda batire lowakankha. Chaka chotsatira asayansi a ku labotale ya Bell Labs ku America adatsimikiza kuti n'zoona, ndipo Josephson adalandira mphoto ya Nobel mu 1973. Kampata kameneka, kotchedwa Josephson junction, ndiko kali m'ma qubit a Google ndi IBM lero. Mphoto ya Nobel ya fizikisi ya 2025 idapita kwa John Clarke, Michel Devoret ndi John Martinis chifukwa cha zomwe adayeza pa kampata komweka ku Berkeley mu 1984 ndi 1985.

Pakati paja mungaikenso semiconductor, zinthu zodutsitsa magetsi pang'ono chabe zomwe ana a Fomu 4 amakumana nazo pophunzira za ma diode. Apo pamachitika china chomwe Alexander Andreev adafotokoza mu 1964. Elekitironi yofika yokha pakhomo la superconductor imakoka inzake kuti zilowe ziwiri, ndipo pomwe pachoka inzakeyo pamatsala bowo, malo osowa elekitironi, lomwe limabwerera m'mbuyo ngati kanthu kapadera. Bowolo likafika ku superconductor ya mbali inayo, limathyola peyala n'kutulutsa elekitironi yobwereranso. Kupita ndi kubwera kumeneku kukatsekeredwa m'kampata, kumakhala ndi milingo yakeyake ya mphamvu, yotchedwa Andreev bound states. Mayina ake ndi olemera, koma muwasunge, chifukwa theka la mkangano wa lero lagona pa iwo.

Quantum dot

Elekitironi ili ndi khalidwe la mafunde. Mukaitsekera pamalo aakulu, ingathe kukhala ndi mphamvu ina iliyonse. Malowo akachepa kwambiri, mafundewo amakwanamo m'njira zowerengeka zokha, ndipo mphamvu zololedwa zimakhala zapatalipatali monga zimakhalira mu atomu. Kamalo kotere ndi quantum dot, ndipo ena amakatcha atomu yochita kupanga. Kukula kwake kumayezedwa m'ma nanomita. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa kamiliyoni, ndipo tsitsi limodzi limanenepa ma nanomita pakati pa 50,000 ndi 100,000.

Pali mitundu iwiri yomwe anthu amaisokoneza. Woyamba ndi tizidutswa ta kristalo ta ma nanomita 2 mpaka 10, tomwe Alexei Ekimov adatipeza m'galasi mu 1981, Louis Brus m'madzimadzi mu 1983, ndipo Moungi Bawendi adapeza kapangidwe kake kabwino mu 1993. Atatuwa adalandira Nobel ya kemisitiri mu 2023. Tating'ono kwambiri timawala mobiriwira kapena mwa buluu, tokulirapo timawala mofiira, ndipo ndito tili m'ma TV olembedwa QLED.

Mtundu wachiwiri ndi umene ukutikhudza pano. Amatenga kawaya ka semiconductor konenepa pafupifupi ma nanomita 100, n'kuika pansi pake tizala tachitsulo. Akapatsa tizala tiwiri voliteji, timatseka njira uku ndi uku, ndipo pakati pamatsala kachipinda. Kachala kachitatu kamasankha kuti m'kachipindamo mukhale ma elekitironi angati. Poti ma elekitironi amakankhana, amene ali m'katimo amatsekereza wina kulowa mpaka voliteji itasinthidwa, choncho amalowa mmodzimmodzi, ndipo woyeza amatha kuwerenga: uyu wachisanu, uyu wachisanu ndi chimodzi. Kwa ine ichi ndi chimodzi mwa zinthu zodabwitsa kwambiri zomwe anthu adakwanitsa, kuti munthu apotokole kabatani pa benchi, elekitironi imodzi yokha n'kusuntha.

Tsono kachipinda kotere mukakaika pakati pa ma superconductor awiri, pamabuka kulimbana. Superconductor ikufuna awiriawiri, quantum dot ikulola mmodzimmodzi. Chotsatira chake chimadalira ngati ma elekitironi a m'katimo ali ogawika pawiri kapena pali wotsalira. Mu 2006 gulu la asayansi a ku Delft, ku Netherlands, lidaonetsa kuti kungoonjezera elekitironi imodzi m'kachipindako kumatembenuza mbali yomwe magetsi a mapeyala akuyendera.

Topology

Uwu ndi mtundu wa masamu womwe mizu yake ambiri amaiika pa Leonhard Euler, yemwe mu 1736 adasanthula za milatho 7 ya mumzinda wa Königsberg. Masamu amenewa salabadira kutalika kapena kupindika kwa chinthu. Amafunsa zomwe sizisintha chinthucho chikamakanyidwa.

Taonani woumba makapu pano pa Dedza, dongo likadali lofewa. Mpira wa dongo angauphwatalale kukhala mbale, angaufukule pakati kukhala mphika, angautambasule kukhala ndodo, ndipo ku topology zonsezi ndi chinthu chimodzi, chifukwa palibe bowo lotulukira mbali ina. Koma akamatirira chogwirira pa kapu, chala n'kumatha kupyola, chinthucho chalowa m'gulu lina. Kapuyo muipinde, muifinye, igwe pansi ipotoke, bowo la chogwiriracho likhalabe limodzi. Kulibe bowo limodzi ndi theka. Kuti chiwerengerocho chisinthe, pamafunika kung'amba kapena kuboola, osati kugunyuza chabe.

Mu 1980 Klaus von Klitzing adapeza kuti ma elekitironi oyenda m'kansalu kopyapyala, pa kuzizira kwambiri ndi maginito amphamvu, amadutsitsa magetsi pa milingo yokhazikika ndendende, ngakhale kansaluko kakhale ndi zinyalala. David Thouless ndi anzake adasonyeza mu 1982 kuti chomwe chikusunga milingoyo ndi chiwerengero cha topology. Thouless, Duncan Haldane ndi Michael Kosterlitz adalandira Nobel mu 2016. M'zinthu zotere mulibe bowo loti mungalione. Chowerengedwacho ndi mmene mafunde a ma elekitironi onse apotokera. Koma lamulo lake ndi lomwe lija la chogwirira: zinyalala zochepa sizingachisinthe. Ndipo pamalire pomwe chinthu cha chiwerengero china chakumana ndi cha chiwerengero china, pamayenera kuoneka kanthu kapadera.

Majorana

Ettore Majorana anali katswiri wa ku Italy yemwe mu 1937 adalemba kuti pangathe kukhala kanthu komwe mdani wake wokafafaniza ndi iko komwe. Mu March 1938 adasowa paulendo wa panyanja pakati pa Palermo ndi Naples, ndipo sadaonekenso.

Mu 2001 Alexei Kitaev adasonyeza pa pepala kuti kawaya ka superconductor ka mtundu wa topology kadzakhala ndi kanthu kotere, komwe lero kamangotchedwa Majorana, kumapeto ake onse awiri. Pano tisamale. Si kanthu katsopano kouluka m'chilengedwe ayi, koma ndi khalidwe la ma elekitironi ambiri pamodzi. Chomwe chimachitika n'chakuti malo a elekitironi imodzi amagawika pakati, theka kumutu kwa waya, theka kumchira. Malowo angakhale ndi elekitironi kapena ayi, ndipo mphamvu yake ndi chimodzimodzi, ziro. Kukhalamo kapena kusakhalamo ndiwo uthenga womwe kompyuta ingasunge.

Phindu lake lili apa. Qubit, kachigawo kosunga uthenga m'kompyuta ya quantum, ndi kosachedwa kusokonezeka: kutentha pang'ono kapena kugwedezeka kwa magetsi pafupi kumafafaniza uthengawo m'kanthawi kochepa zedi. Koma zosokonezazo zimagunda malo amodzi pa nthawi. Ngati uthenga uli m'mapeto awiri otalikirana, chogunda mbali imodzi sichingauwerenge kapena kuusintha. Kuwerengera nako kungachitike posinthanitsa malo a ma Majorana angapo, zomwe asayansi amati kuluka, ndipo yankho limangodalira kuti ndani adadutsa pamwamba pa ndani.

Mu 2010 magulu awiri, la Roman Lutchyn, Jay Sau ndi Sankar Das Sarma, komanso la Yuval Oreg, Gil Refael ndi Felix von Oppen, adalemba kapangidwe kake: kawaya ka indium arsenide kapena indium antimonide, kokutidwa ndi superconductor, n'kuikapo maginito. Vuto ndi udani uja. Maginito akachepa, Majorana saoneka. Akachuluka, superconductor imafa. Pakati pake pali kanjira kopapatiza, ndipo gap yotsalayo ndi yaing'ono kwambiri moti zonse zimachitikira m'mafiriji apadera ofika kagawo kochepa ka digiri pamwamba pa malire a kuzizira aja.

Chizindikiro chomwe chinganamize

Majorana saoneka ndi maso kapena ndi maikulosikopu. Woyeza amalumikiza kawaya kena kumapeto, n'kumasintha voliteji pang'onopang'ono, n'kumaona magetsi odutsa. Poti gap imatsekereza ma elekitironi oyenda okha, pa voliteji ya ziro pamayenera kukhala zii. Pakakhala Majorana, pa ziro pomwepo pamatumphuka kansonga pa galafu. Mu 2012 gulu la Leo Kouwenhoven ku Delft lidasindikiza m'magazini ya Science kuti laona kansongako. Mu 2018 gulu lomweli lidalemba mu Nature kuti kansongako kafika ndendende pa msinkhu womwe masamu adalosera.

Sergey Frolov ndi Vincent Mourik, omwe adagwira nawo ntchito ya mu 2012, adapempha manambala onse a kafukufuku wa 2018, ndipo adapeza kuti zomwe zidasiyidwa kunja kwa pepalalo sizimagwirizana ndi zomwe zidalembedwa. Mu March 2021 pepalalo lidachotsedwa, olemba ake atavomera kuti sadasanthule mosamala mokwanira.

Nanga kansongako kankachokera kuti? Apa ndi pomwe quantum dot imabwereranso. Kawaya sikakhala koyera kwathunthu. Pomwe pali chinyalala, kapena pomwe chikuto cha superconductor chathera, pangapangike kachipinda mwangozi, ndipo m'menemo mumakhala ma Andreev bound states aja. Maginito akasintha, mphamvu yawo imatha kutsikira pa ziro n'kukakamira pomwepo, n'kutulutsa kansonga kofanana ndi ka Majorana. Koma theka ziwirizo zimakhala pamalo amodzi, choncho chitetezo palibe. Mu 2021 gulu la Georgios Katsaros ku Austria lidasonyeza zimenezi poyera: lidatalikitsa dala kachigawo kosakutidwa, quantum dot n'kupangika, kansonga n'kuoneka popanda topology ina iliyonse.

Kumanga ndi ma quantum dot

Ena adaganiza zotembenuza vutoli. Ngati ma quantum dot angozi akusokoneza, bwanji osamanga waya wa Kitaev ndi ma quantum dot ochita kuikidwa dala, omwe aliyense ali ndi kachala kake komuwongolera? Sau ndi Das Sarma adalemba maganizowa mu 2012, ndipo chaka chomwecho Martin Leijnse ndi Karsten Flensberg adawerengera za ma quantum dot awiri okha okhala ndi superconductor pakati.

Pakati pa awiriwa pangachitike zinthu ziwiri. Elekitironi imodzi ingadumphe kuchoka uku kupita uko, kapena peyala ya mu superconductor ingathyoke, wina kupita kumanzere wina kumanja. Zonse ziwiri zikalingana mphamvu ndendende, Majorana mmodzi amakhala pa dot yakumanzere, wina pa yakumanja. Gulu la ku QuTech ku Delft lidakwanitsa zimenezi ndi kusindikiza mu Nature mu 2023, ndipo mu 2025 adafika pa ma quantum dot atatu. Ochita kafukufukuyu eni ake amawatcha ma Majorana a amphawi, chifukwa amangokhalapo pamene mabatani onse atcheredwa bwinobwino. Kulinganako kukasokonekera pang'ono, mphamvu imachoka pa ziro. Chitetezo chenicheni cha topology chimayembekezeka pokhapokha mndandandawo utatalika. Ubwino wa njirayi n'ngwakuti woyeza amadziwa chomwe chili pamalo aliwonse.

Zomwe Microsoft idanena, ndi zomwe ena adayankha

Microsoft idatsata njira ya waya wathunthu, wa indium arsenide wokutidwa ndi aluminiyamu. Idati Majorana 1 idakonzedwa kuti inyamule ma qubit 8. Pepala lomwe lidatuluka mu Nature tsiku lomwelo lidasonyeza kuti atha kuwerenga, pa kuyeza kamodzi, ngati ma elekitironi a m'kawaya ali ogawika pawiri kapena ayi. Chida chowerengeracho ndi quantum dot yolumikizidwa ku wayawo. Ambiri amavomereza kuti luso limeneli ndi lalikulu. Koma akonzi a Nature adalemba m'zikalata zounikira pepalalo kuti zotsatirazo si umboni wakuti m'zidazo muli ma Majorana, ndipo pepalalo palokha lidavomera kuti kuyezako sikusiyanitsa Majorana ndi Andreev.

Kampaniyo, kudzera mwa Chetan Nayak yemwe amatsogolera ntchitoyi, idayankha kuti pepalalo lidalembedwa kale ndipo kuchokera nthawiyo yapeza zambiri. Imadaliranso mayeso ake omwe idasindikiza mu 2023, oona mapeto onse awiri a waya nthawi imodzi. Henry Legg wa ku University of St Andrews adatsutsa mayesowo, akuti angathe kupambanitsa waya wopanda topology malingana ndi mmene woyeza wasankhira malire a manambala. Microsoft idakana chidzudzulochi. Mu March 2025 Nayak adaonetsa zotsatira zatsopano pa msonkhano wa American Physical Society ku Anaheim, ndipo ambiri mwa akatswiri omwe adalankhulapo adati zizindikirozo zidali zosaoneka bwino chifukwa cha phokoso la m'manambala.

Mafunso otsala

Loyamba ndi la umboni. Kansonga pa ziro sikakukwaniranso, aliyense akuvomera. Chomwe chingathetse mkangano ndi kuluka kuja, kusinthanitsa ma Majorana n'kuona yankho likusintha monga masamu anenera, ndipo asayansi sadagwirizane kuti alipo wachita zimenezi m'mawaya otere.

Pali funso la ukhondo wa zipangizo. Das Sarma, mmodzi mwa omwe adalemba kapangidwe ka 2010, wakhala akunena kuti zinyalala m'mawaya ndiye chopinga chachikulu. Kodi zingachepetsedwe mpaka pati? Ndipo kwa omanga ndi ma quantum dot, pakufunika angati kuti chitetezo chikhale chenicheni, poti dot iliyonse yoonjezera imabwera ndi tizala take tofunika kutchera?

Ngakhale Majorana atapezeka, chitetezo chake chili ndi chibowo. Elekitironi imodzi yosochera, yothyoka pa peyala chifukwa cha kutentha kapena cheza chochokera kuthambo, ikalowa m'wayamo imatembenuza uthenga. Kodi zimenezi zimachitika kangati pa sekondi m'chida chenicheni chokhala ndi ma qubit ambiri? Komanso masamu amasonyeza kuti kuluka ma Majorana pakokha sikukwanitsa mawerengero onse omwe kompyuta ya quantum imafuna. Pamafunika njira zina zoonjezera zomwe zilibe chitetezo cha topology.

Opikisana nawo sakudikira. Mu December 2024 Google idaonetsa katchipi ka Willow ka ma qubit 105 a Josephson junction wamba, n'kusonyeza kuti zolakwika zimachepa ma qubit ambiri akamayang'anirana. Njira imeneyi imafuna ma qubit ochuluka kwambiri kuti papezeke imodzi yodalirika, ndipo lonjezo la Majorana ndi kuchepetsa chiwerengerocho. Kodi lonjezolo lidzafika nthawi yake isanadutse?

Lomaliza likukhudza kachitidwe ka sayansi. Pepala la 2018 lidagwa chifukwa anthu awiri adapatsidwa manambala onse. Kafukufuku wambiri tsopano akuchitikira m'makampani omwe ali ndi zinsinsi za malonda, ndipo zida zake n'zovuta kuti labotale ina izipange n'kubwereza kuyezako payokha. Kodi kampani iyenera kutulutsa manambala ochuluka bwanji, ndipo kwa yani, isanalengeze kuti yapeza chinthu chatsopano?